Atolankhani Asathamangitse Akuluakulu a Mpira

M'nyuzi ndi pa wailesi za m'dziko muno mwamera chizoloŵezi chimene tiyenera kuchidzudzula poyera. Woseŵera mpira akangofika zaka 35, atolankhani ena amayamba kumuŵerengera masiku. Akaphonya chigoli amati wakalamba, ndipo akagoletsa amati wangochita mwayi. Akanena kuti apuma chaka chamaŵa koma pambuyo pake nkusintha maganizo, amamunyogodola ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi yakuba. Mwambi umene amaukonda ndi wakuti tsabola wakale saŵaŵa. Khalidwe lotere nlosemphana ndi mwambo wathu ife Amalaŵi, amene tinaphunzitsidwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ambiri tikukumbukira a Fischer Kondowe a timu ya Big Bullets, amene anapitiriza kuseŵera mu ligi yaikulu ali ndi zaka zopitirira 40. Kwa nthaŵi yaitali funso lakuti apuma liti silinkachoka pakamwa pa anthu. Koma funso loyenera linali lina: kodi munthu amasamala bwanji thupi lake kuti pa msinkhu umenewo azithamangabe ndi anyamata amene angathe kukhala ana ake? Yankho lake likadaphunzitsa achinyamata athu za kudziletsa ndi kulimbikira, pamene kuŵerenga zaka za munthu sikuphunzitsa aliyense kanthu.

Maiko ena atisonyeza kuti zaka pazokha sizigamula mlandu. A Roger Milla a ku Cameroon anali atasiya kale kuseŵerera dziko lawo pamene anaitanidwanso mu 1990. Ali ndi zaka 38 anagoletsa zigoli zinayi pa mpikisano wa dziko lonse ku Italy, ndipo Cameroon inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'gulu la matimu asanu ndi atatu otsiriza. Mu 1994 anagoletsanso ali ndi zaka 42. Anansi athu a ku Zambia anaona a Kalusha Bwalya akugoletsa chigoli chogonjetsera Liberia mu 2004 ali ndi zaka 41. Akadamvera mawu akuti akalamba, zonsezi sizikadachitika.

Ena anena kuti mkulu wokakamira pa bwalo amatsekereza mnyamata amene akudikira mpata. Mfundo imeneyi njomveka, ndipo sitiikana. Pali oseŵera ena amene miyendo yawathera koma mtima ukukana. Komabe woweruza nkhani imeneyi ndi mphunzitsi wa timu, amene amaona munthuyo tsiku ndi tsiku pokonzekera, pamodzi ndi dokotala ndi mwini wake wa miyendoyo. Mtolankhani ali ndi ufulu wolemba kuti wakutiwakuti sanaseŵere bwino Loŵeruka, napereka zifukwa zake. Kumuuza munthu kuti asiye ntchito imene imadyetsa banja lake ndi udindo umene palibe anampatsa.

Inu ogwira ntchito m'Boma muyenera kuimvetsa bwino nkhaniyi. Inu mumapuma muli ndi zaka 60, ndipo penshoni imakudikirani. Woseŵera mpira amapuma ali ndi zaka pafupifupi theka la zimenezo, ana ake akadali ku pulayimale, ndipo ambiri amachoka pa bwalo ali chimanjamanja. Akamazengereza kusiya, kaŵirikaŵiri sikuti ndi dyera la kutchuka ayi. Iye akuganiza za chimanga, lendi ndi fizi. Nyuzi imene imamuseka munthu wotere koma osafunsa eni matimu ndi bungwe la FAM kuti amukonzera chiyani, yasiya njoka nkumenya mkukuluzi wake.

Mbiri ya mpira wathu ikutiphunzitsa kuti woseŵera wakale ndi chuma cha fuko. A Kinnah Phiri, amene anagoletsera dziko lino zigoli 71 ndipo anali m'timu imene inatenga chikho cha kummaŵa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, ndi omwewo amene anatsogolera Flames ku Angola mu 2010, kumene tinagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0. A Young Chimodzi ndi a Ernest Mtawali nawonso anaphunzitsapo timu ya dziko lino, ndipo a Peter Mponda anatenga ligi ndi Silver Strikers mu 2024. Koma aŵa ndi oŵerengeka chabe. Anzawo ambirimbiri amene anaseŵera nawo sitidziŵa n'komwe kumene ali, chifukwa nyuzi zinawasiya tsiku limene iwo anasiya mpira.

Kuno ku Chigwa cha Shire nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Kale bwalo la Kalulu ku Nchalo linkadzaza pamene timu ya Sucoma inkalandira matimu akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe. Anthu amene anavala malaya a timu imeneyo sanathe onse. Ena akukhala pakati pathu. Pomwepo ana a ku Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje akuseŵera mpira wachikulunga pa dzuŵa loswa mtengo, popanda wowaongolera. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasandutsa sukulu zambiri kukhala misasa ya anthu othaŵa madzi, ndipo maseŵera a ana anaima. Kodi ndi atolankhani angati amene anatsika chitunda cha Thabwa nkuwoloka mlatho wa Kamuzu kudzafunsa za mabwalo a anaŵa, kapena kudzafufuza akatswiri akale a ku Nchalo? Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa m'maŵa umodzi.

Tsono ntchito ilipo kwa tonse. Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera alembe maina a oseŵera akale amene ali m'midzi mwawo, nawapereke kwa alangizi a zamaseŵera a m'maboma aŵiriŵa. Aphunzitsi aakulu awatsegulire zipata za sukulu masana, pakuti m'mera mpoyamba. Makhonsolo, popanga ndondomeko ya chuma, aganizire kangachepe kowathokozera. Eni matimu athandize woseŵera kupeza satifiketi ya uphunzitsi wa mpira kapena luso lina la manja akadali pa bwalo, osadikira kuti bondo lithyoke.

Kwa abale athu atolankhani pempho nlimodzi. Mkulu akanena kuti akadali ndi mphamvu, muweruzeni ndi zimene wachita pa bwalo. Akanena kuti wapuma, lembani mbiri yake mwaulemu, ndipo pakatha chaka mumuyendere kuti mukaone mmene akukhalira. Mwana wa ku Nsanje amene akuŵerenga nyuzi yanu lero akuphunziramo mmene dziko lake lidzamusamalire iye akadzakalamba.