Akuluakulu ndi M'dambo Mozimira Moto: Kodi Makolo Akale Ali ku Gehena?

Mwambi wa akale umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wolusa wa m'tchire, ngakhale utapsereza mapiri ndi zigwa, ukafika padambo umazilala. Chimodzimodzinso mkangano wa ana ukafika pamaso pa akulu. Zomvetsa chisoni n'zakuti masiku ano kwabuka alaliki ena amene autembenuza mwambiwu chadodolido. Iwo akutenga akuluakulu omwewo, amene adatsikira kulichete zaka mazanamazana zapitazo, n'kumawaponya m'ng'anjo ya moto. Pamaliro, m'mabasi, m'misika ndi pa wailesi, akulalikira mosaphethira kuti aliyense amene adamwalira asanatchule dzina la Yesu ali ku Gehena, ndipo kuti makolo onse amene ankathira nsembe pakachisi akupsa kumeneko mpaka muyaya. Adzukulu akumva zimenezi. Ena ayamba kuchita manyazi ndi mfunda wawo, ena ataya tchalitchi. Chiphunzitsochi n'cholakwa, ndipo chiyenera kutsutsidwa poyera.

Poyamba ndi bwino kuwerenga zaka. David Livingstone adafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859. Amishoni a UMCA adamanga ku Magomero mu 1861, koma sadakhalitse. A Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre Mission adakhazikika mu 1876, ndipo a Dutch Reformed Church adatsegula Mvera mu 1889. Akatolika adamanga ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Munthu woyamba kubatizidwa ndi a Livingstonia, Albert Namalambe, adabatizidwa mu 1881, ndipo Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka mu 1922. Tsono mayi amene adamwalira ku Ntchisi mu 1850 akadamva kwa yani? Iye sadakane Uthenga, pakuti Uthengawo sudamufikire. Mlandu wake wonse ndi wakuti adabadwa sitima ya Ilala isanayandame panyanja. Amene akuti mayiyu akupsa akunena kuti Mulungu amalanga munthu chifukwa cha kuchedwa kwa anthu ena.

Pabwalo la mfumu mlandu sunkazengedwa chotero. Wodandaula ankalankhula, woimbidwa mlandu ankayankha, ankhoswe ndi mboni ankafunsidwa, nduna zinkapima mawu, ndipo mfumu inkagamula pomalizira. Mlendo wolakwira mwambo wa mudzi mosadziwa ankalangizidwa kaye asanalipitsidwe nkhuku. Ngati anthu amene sadapondepo m'kalasi ankatha kusiyanitsa wolakwa mwadala ndi wolakwa mosadziwa, kodi Namalenga angachepe nzeru kuposa nyakwawa ya m'mudzi? Yesu mwini wake, m'mutu 12 wa Luka, adasiyanitsa kapolo wodziwa chifuniro cha mbuye wake ndi kapolo wosachidziwa, ndipo chilango cha awiriwa sichidafanane. Abrahamu naye, popembedzera mzinda wa Sodomu, adatsamira pa mfundo yoti Woweruza wa dziko lonse sangachite zosalungama.

Alaliki a motowa akadayamba afufuza mawu amene amawakondawo, chifukwa safunsa adadya phula. M'Chipangano Chakale muli liwu lachihebri loti Sheol, malo a akufa onse, abwino ndi oipa omwe. Yakobo, polira mwana wake Yosefe, adati adzatsikira kumeneko, ndipo palibe amene amati Yakobo ankayembekeza kukapsa. M'Chipangano Chatsopano muli liwu lachigiriki loti Hade, lofanana ndi Sheol. Liwu loti Gehena lidachokera ku dzina la Chigwa cha Hinomu, pafupi ndi Yerusalemu, kumene mafumu Ahazi ndi Manase adawotchako ana awo ngati nsembe, malo amene mfumu Yosiya idawadetsa pambuyo pake kuti mchitidwewo uthe. Liwuli limapezeka ka 12 m'Chipangano Chatsopano: ka 11 m'kamwa mwa Yesu, kamodzi m'kalata ya Yakobo. Wowerenga mosamala adzaona kuti nthawi zonse Yesu ankachenjeza nalo anthu amene ankamumva: ophunzira ake, khamu lodziwa Malamulo, alembi ndi Afarisi. Sadaligwiritsepo ntchito poloza anthu akutali amene mawu ake sadawafikire. Chenjezo la Gehena lidalunjika kwa odziwa, ndiye kuti mlaliki ali pafupi nalo kuposa agogo amene akuwaweruzawo.

Ngakhale pa funso loti Gehena ndi wotani, Akhristu sadagwirizanepo chimodzi. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, adaphunzitsa m'buku lake lonena za Mzinda wa Mulungu, limene adalimaliza mu 426, kuti chilango cha oipa n'chosatha ndipo amachimva. Ili ndilo ganizo limene mipingo yambiri idatsata. Ena amati oipa adzangowonongeka n'kutheratu. Awa ndi monga a Seventh-day Adventist ndi Mboni za Yehova, ndipo mlaliki wotchuka wa Anglican, John Stott, adavomera mu 1988 kuti mtima wake unkapendekera komweko. Enanso, monga Origen wa ku Alexandria ndi Gregory wa ku Nyssa, ankayembekeza kuti moto wa Mulungu ndi woyenga, ndipo pamapeto zolengedwa zonse zidzabwerera kwa Iye, ngakhale chiphunzitso cha Origen chidakanidwa mu 543. Nkhani ino sikufuna kugamula pakati pa atatuwa, ndiponso sikukana kuti chiweruzo chilipo. Ikungosonyeza kuti pamene akatswiri odziwa Chihebri ndi Chigiriki akhala akutsutsana kwa zaka zoposa 1,500, mnyamata wonyamula chimkuzamawu pamsika sayenera kulankhula ngati adakayendako n'kuwerenga mayina a okhalamo.

Nanga Baibulo likuti chiyani za anthu amene sadamve? Paulo ndi Barnaba ali ku Lustra, m'mutu 14 wa Machitidwe, adauza anthu opembedza mafano kuti kale Mulungu adalekerera mitundu kuyenda m'njira zawo, komabe sadadzisiye wopanda umboni, popeza ankawapatsa mvula ndi zokolola. Makolo a Amaravi umboni umenewu adauwerenga. Chilala chikavuta ankapita ku Msinja kwa Makewana, kapena ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje, kukapempha mvula, podziwa kuti mvula ili ndi Mwini wake. Ku Atene, m'mutu 17, Paulo adanena kuti Mulungu adalekerera nthawi za kusadziwa. M'mutu 2 wa Aroma adalemba za anthu a mitundu ina amene alibe Malamulo koma amachita zimene Malamulo afuna, chikumbumtima chawo chikuwatsutsa kapena kuwavomereza pa tsiku la chiweruzo. Korneliyo, msilikali wachiroma, adauzidwa kuti mapemphero ndi zachifundo zake zakumbukiridwa kwa Mulungu, Petro asanaponde pakhomo pake. Melkizedeki, Yobu wa ku Uzi ndi Yetero wa ku Midyani sadali Aisraele, koma Malemba amawalemekeza. Mavesi onsewa ali m'Baibulo lomwelo limene mlaliki amaligwedeza m'mwamba.

Otsutsa ali nayo mfundo yawo, ndipo iyenera kumvedwa. Iwo amaloza mutu 14 wa Yohane ndi mutu 4 wa Machitidwe, pamene pamaphunzitsa kuti chipulumutso chimadzera mwa Khristu yekha. Mkhristu aliyense amavomereza zimenezo. Koma mavesiwo akunena za amene amapulumutsa. Sakunena kuti wopulumutsidwa aliyense adayenera kumva dzinalo ndi makutu ake asanafe. Abrahamu, Mose ndi Davide adamwalira Yesu asanabadwe, ndipo palibe mpingo umene umawaika ku Gehena. Khanda limene lavuulidwa mumtsinje wosefukira silidziwa dzina la wolivuula, komabe lapulumuka ndi dzanja lake. Amafunsanso kuti, ngati osamva angathe kuchitiridwa chifundo, kulalikira n'kwa chiyani? Yankho lili pa Korneliyo yemwe uja: Mulungu adamva mapemphero ake, n'kumutumiziranso Petro. Woyenda ndi kuwala kwa mwezi amakondwerabe kukacha. Uthenga umene ungayende pokhapokha agogo a anthu ataponyedwa pamoto wasiya kukhala wabwino.

Mbiri ya Mpingo ikuonetsa kuti mtima woyembekezera chifundo kwa osamva si wachilendo. Justin Martyr, cha m'ma 150, adalemba kuti anthu monga Socrates, amene adatsata choonadi Khristu asanabadwe, adali ndi gawo mwa Mawu a Mulungu. Ulrich Zwingli, mmodzi wa atsogoleri a kukonzanso Mpingo, adalembera mfumu ya ku France mu 1531 kuti ankayembekeza kudzaona anthu olungama achikunja kumwamba. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, udaphunzitsa kuti anthu amene sadziwa Uthenga popanda kulakwa kwawo, koma amafunafuna Mulungu ndi mtima woona ndi kutsata chikumbumtima, angathe kupulumuka. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amati Gehena alipo, koma mpingowo, umene umatchula mayina a oyera mtima, sudalengezepo dzina la munthu ngakhale mmodzi kuti ali kumeneko. N'zoona kuti Chivomerezo cha Westminster cha 1646 n'chouma pa nkhaniyi, chifukwa chimakana kuti munthu angapulumuke pongotsata kuwala kwa chilengedwe. Komabe nacho chimavomera kuti makanda osankhidwa, ndi ena amene sangathe kuitanidwa ndi ulaliki, amapulumutsidwa ndi Mzimu amene amagwira ntchito nthawi, malo ndi njira zimene wafuna. Ngakhale ouma mtima pa chiphunzitso adamusiyira Mulungu khomo limene alaliki a lero akufuna kulikhoma ndi misomali.

Zipatso za ulaliki wotere zidaoneka kale m'maiko ena. Francis Xavier, amene adalalikira ku Japan kuyambira 1549 mpaka 1551, adalemba kuti Akhristu atsopano ankalira misozi atauzidwa kuti makolo awo ali kumoto ndipo palibe chowatulutsa. Nkhani yakale ya ku Ulaya imasimbanso za Redbad, mfumu ya ku Frisia imene idamwalira mu 719, kuti idatulutsa phazi m'madzi a ubatizo itamva kuti makolo ake sakawapeza kumwamba. Munthu sangakonde Mulungu amene wauzidwa kuti akuwotcha amayi ake popanda mlandu womveka. Angamuope, koma mantha otero sakhalitsa.

Palinso umboni umene uli m'kamwa mwa mlaliki mwiniyo. Akamafuula kuti Mulungu, Chauta, Namalenga kapena Mphambe, akugwiritsa ntchito mayina amene sadabwere pa sitima. Omasulira Baibulo adawapeza ali kale m'kamwa mwa anthu, ndipo adaona kuti ndi oyenera. Buku Lopatulika lidatenga dzina loti Mulungu, ndipo Buku Loyera, limene lidatuluka mu 1998, lidasankha dzina loti Chauta pomasulira dzina lopatulika la Mulungu wa Israele. Ngati makolo ankangopembedza ziwanda, zidatheka bwanji kuti dzina limene ankalitchula popempha mvula likhale pa masamba a Malemba Oyera? Kubwereka dzina kwa munthu, kenaka n'kumuweruza kuti sankadziwa mwini dzinalo, ndi mwano wosayenera munthu woleredwa.

Zonsezi sizikutanthauza kuti akale onse adali oyera. Padali omwetsa anzawo mwavi chifukwa cha nsanje, padali ogulitsa abale awo kwa amalonda a akapolo amene ankawaolotsera pa Nkhotakota, padali nkhondo ndi kulanda. Akale omwewo adati mlandu suola, ndipo chikhulupiriro chachikhristu chimavomereza kuti wokhetsa magazi adzayankha, kaya adabatizidwa kaya ayi. Koma m'mutu 25 wa Mateyu, pamene mitundu yonse yasonkhana pa chiweruzo, mafunso ake ndi okhudza wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende, ndipo olungama akudabwa, chifukwa sankadziwa kuti ankatumikira Mfumu. Pakati pa anthu amene ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, amene ankapatsa mlendo madzi ndi nsima asanamufunse kumene akuchokera, odabwa otero sangasowe. Kuti ndani ali mbali iti, wodziwa ndi Mwini bwalo yekha.

Munthu wina adafunsa Yesu, m'mutu 13 wa Luka, ngati opulumuka ali owerengeka. Yesu sadamupatse chiwerengero. Adamuuza kuti iye mwini alimbikire kulowa pakhomo lopapatiza, ndipo adaonjeza kuti anthu adzachokera kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera kudzakhala paphwando, pamene ena odzitama kuti ankadya naye adzatsalira kunja. Limeneli ndilo gawo la mlaliki: kuchenjeza amoyo, kuyambira ndi iye mwini. Akufa adachoka m'manja mwake.

Maliro n'kulirana. Siwa si bwalo la milandu, ndipo mlaliki woima pambali pa bokosi adaitanidwa kudzatonthoza ofedwa. Mafumu, akulu a mpingo ndi eni mbumba ali ndi udindo wodzudzula, mwaulemu koma mosabisa mawu, aliyense amene asandutsa maliro kapena chikumbutso cha makolo kukhala malo ogawira anthu ku Gehena. Ndipo mdzukulu amene wauzidwa kuti agogo a agogo ake akupsa asataye mfunda wake, asatayenso chikhulupiriro chake. Afunse wonenayo modekha kuti amuonetse vesi limene latchula agogowo, ndiponso kuti adamupatsa mpando woweruzira akufa ndani.