Lekani kunamizira msewu wa Tete: penti ikubanthuka chifukwa cha ntchito yakuba

 Lero ndabwera ndi mkwiyo, ndipo ngati muno muli mapanel beater, khalani pansi mumve nawo.

Chaka chatha thiraki inakhula Hilux yanga pa Nyamapanda, inaphwanya fenda, boneti ndi bampala. Ndinaipititsa kwa wopenta wina ku Blantyre, dzina sinditchula. Patatha masiku atatu inatuluka ikuwala moti mukanadziyang'anirapo nkhope. Nditayenda maulendo awiri okha a ku Joni, boneti inali mawangamawanga ngati nkhanga, bampala ikusendeka ngati mbatata yophika. Nditabwerera kukadandaula, mkuluyo anangoseka: "Mayi, umenewo ndi msewu wa Tete. Miyala ndi dzuwa."

Ndinamugwira dzanja n'kumuonetsa fenda ya mbali inayo, yomwe ili ndi penti ya kufakitale. Yadutsa Zobue, Tete, Cuchamano mpaka Musina kwa zaka zambiri, timabala take n'towerengeka. Ndinamufunsa kuti, kodi achimwene, miyalayo imasankha mbali? Mpaka lero sanandiyankhe.

Chilungamo chake ndichinene. Penti ya kufakitale palibe angaifike. Kumeneko galimoto amaiviika yonse m'mankhwala oteteza dzimbiri, n'kuiwotcha pa madigiri 140 kapena kuposa, isanaikidwe mawaya ndi mapulasitiki. Garaja yabwino yokhala ndi spray booth imafika cha m'ma 60 basi. Dzuwa la ku Tete nalo ndi loopsadi, mu Okutobala limapitirira 40. Choncho timabala ta miyala tiwiri titatu, tating'ono ngati mutu wa machesi, palibe angakuimbeni mlandu. Koma penti kuchoka zigambazigamba m'miyezi iwiri, umenewo si msewu. Ndi ntchito yakuba.

Balalo limaulula lokha amene analakwa, ingoliyang'anani bwino. Mukaona pansi pake pali penti yakale yosalala, yowala, dziwani kuti sanakweche ndi sandipepa, anangopopera pamwamba, ndiye yatsopanoyo ilibe pogwira. Mukaona chitsulo chenicheni, mwina chitayamba kale dzimbiri, sanaike pulayimala yoyenera, ija amati etch kapena epoxy. Mukaona timatuza ngati nsungu, munali madzi kapena mafuta: mwina kompuresa yawo saikhetsa madzi, mwina anakwecha fila ndi madzi, pomwe fila imamwa madzi ngati buledi. Mukaona ming'alu ndi chibuma chikugwa, anadzaza fila m'malo mowongola chitsulo. Fila ntchito yake n'kusalaza, mamilimita awiri atatu, osati kuumba fenda yatsopano. Tengani maginito ofooka aja omata pafiriji muyendetse pamene anakonzapo. Pamene agwa, pali chiphala cha fila. Bampala ya pulasitiki ili ndi pulayimala yakeyake. Popanda imeneyo isendeka basi, ngakhale mutaiyendetsa m'tauni mokha.

Chinyengo china chili m'chitini. Amakulipiritsani 2K, penti ija yosakaniza ndi hadena, imene ikauma imalimba ndipo petulo saisungunula. Mukangotembenuka, amapopera penti yotchipa yongouma ndi mphepo, kapena amachepetsa hadena n'kuthira thina wambiri kuti lita imodzi ikwanire galimoto ziwiri. Penti zambiri za 2K muyezo wake ndi magawo awiri a penti, gawo limodzi la hadena, thina pang'ono chabe, ndipo zimalembedwa pachitini pomwepo. Tsiku lotenga galimoto simungasiyanitse, zonse zimawala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto ikatha milungu iwiri, nyowetsani kansanza ndi thina mupukute pamalo obisika, monga m'kati mwa chitseko ngati anapentamo. 2K yeniyeni sisungunuka. Yabodza imafewa n'kutsalira pakansanza.

Tsopano ndibwere kwa ife, chifukwa mkwiyo wangawu theka lake ndi wa ine ndemwe. Amene anauza mkulu uja kuti ndikuifuna Lachisanu chifukwa katundu akundidikira ku Joni, ndani? Ndine. Amene anakana mtengo wa garaja ina n'kupita kumene anandiuza theka, ndani? Ndine. Timanenerera wopenta ngati tikugula bero la kaunjika, kenaka timadabwa. Munthu ukamudula mtengo pakati sakana, amangochotsa zimene suziona: pulayimala, hadena, sandipepa ndi masiku odikira kuti fila ndi pulayimala ziume. Ntchito ya penti yambiri ili pansi, kupopera kwenikweniko n'kwa maola ochepa. Wina akati galimoto yonse mawa mudzatenge, thawani.

Ena muti, bola ikuyenda, penti sinyamula katundu. Inu a mathiraki a ku Beira ndi Nacala auzeni anzanu zimene mphepo ya mchere ndi fetereza zimachita pachitsulo chosavala. Bala laling'ono mvula ikalowamo, dzimbiri limayenda pansi pa penti mwakachetechete, pofika chaka chamawa mwaboola. Ine ndinalipira kawiri, ndipo kachiwiriko kanadula kuposa mtengo uja ndinaukana, chifukwa anayamba apala zonse za woyambayo mpaka pachitsulo. Onjezani ulendo umodzi umene ndinaluza galimoto ili m'garaja, makasitomala anga a magolosale n'kupita kwa ena. Ndipo tsiku logulitsa, wogula akaona penti yosendeka saganiza za wopenta, amaganiza kuti galimotoyo inagubuduzikapo, n'kukudulani mtengo.

Ndiye musanasiye kiyi, chitani izi. Pemphani akuonetseni galimoto imene anapenta chaka chatha, osati ya dzulo. Onani pamene amapopera. Ngati ndi pansi pa mtengo wa mango, fumbi likuuluka, musayembekezere zodabwitsa. Zitini za penti, hadena ndi pulayimala zikhale za kampani imodzi, muzione zisanatsegulidwe, kapena mukagule nokha. Muuzeni akutumizireni zithunzi pa WhatsApp: atawongola chitsulo fila isanapakidwe, kenaka ataika pulayimala. Musalipire zonse poyamba. Mulemberane papepala kuti ikasendeka kapena kutuluka matuza m'miyezi 6, abwereza mwaulere. Wokana kulemba wakuuzani kale za ntchito yake.

Mukaitenga, inunso musaiphe nokha. Penti yatsopano imauma pamwamba msanga koma m'kati imalimba pang'onopang'ono. Ipatseniko sabata isanalowe ulendo wautali. Kwa mwezi wathunthu musaipake polishi, musaiyandikize mpope wa pulesha ku car wash, musaitsuke ndi sopo wa ufa wochapira zovala, komanso musamange tenti ndi zingwe zokhula pamene apenta. Panjira siyani mpata kumbuyo kwa thiraki, matayala ake ndiwo amalasa miyala. Kabala kakaoneka, kadontheni penti yotsala ija sabata yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu apenta, sindikunena nonse. Alipo amisiri enieni, wachiwiri uja Hilux yanga yatha naye miyezi 10 pamsewu womwewo wa Tete, dzuwa lomwelo, miyala yomweyo, ndipo ili bwinobwino. Ngati ndalama yanga ndi yochepa, ndiuzeni pamaso kuti mayi, imeneyi sikwana ntchito yolimba, ndikasake ina. Koma kulandira ndalama, kubisa dzimbiri ndi fila, kenaka n'kumaloza msewu, kumeneko ndi kuba.

Amene zinakuchitikiranipo, jambulani balalo pafupi muponye m'munsimu, tithandizane kuona ngati ndi mwala kapena ndi munthu. Muyende bwino nonse, Mulungu akutetezeni panjira.