Lamya Ifulumiza Uthenga, Mlangizi Ndiye Autsimikize

Mbozi yachilendo ya mtundu wa ntchemberezandonda, imene kwawo ndi ku America, inaoneka koyamba mu Africa kumayambiriro kwa 2016, m'maiko a kuzambwe. Pofika mu Januwale 2017 inali itayamba kale kuononga chimanga ku Zambia, ku Malaŵi ndi ku Zimbabwe. Boma la Zambia linatuma ndege za asilikali kuti zinyamule mankhwala, ndipo mu Disembala 2017 boma la Malaŵi linalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28. Gulugufe wa mbozi imeneyi amauluka usiku mtunda wautali, ndipo safuna chiphaso pachipata cha Mchinji kapena cha Mwanza.

Kale lipoti la mlangizi linkayenda pa njinga mpaka ku ofesi, kuchoka apo ku likulu, ndipo linkafika kudziko loyandikana mbewu zitatha kale. Lero chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimachoka ku Chipata n'kufika ku Angónia m'kanthaŵi kochepa. Mu 2018 bungwe la FAO linatulutsa FAMEWS, pulogalamu ya pa lamya yolemberapo mbozi zopezeka m'munda. Phindu lake ndi losakayikitsa.

Komabe njira yofulumiza chenjezo ndi yomweyo yofulumiza bodza. Chithunzi cha kapuchi chingafalitsidwe ngati cha mbozi yachilendo, ndipo uthenga wopanda mwini ungauze alimi kuti achulukitse muyeso wa mankhwala. Mlimi akatsatira zotere ataya ndalama, aika moyo wake pangozi, ndiponso apha tizilombo tothandiza timene timadya mbozizo.

N'chifukwa chake mlangizi sayenera kutumiza uthenga umene sanautsimikize. Aloŵe m'munda, afunyulule nsonga ya chimanga, aone ngati mbozi ili ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Akatsimikiza, alembe dera, tsiku ndi msinkhu wa chimanga, adziŵitse akuluakulu ake pamodzi ndi anzake a kutsidya kwa malire.

Akumbukirenso kuti m'mabanja ambiri lamya imakhala m'thumba la bambo pamene mayi ndiye ali kumunda, ndipo midzi ina ilibe intaneti. Choncho uthenga wa pa lamya upitirire pa wailesi, pamunda wachitsanzo ndi pamsonkhano wa kwa mfumu, m'chinenero chimene alimi amalankhula. Ukathera m'lamya ya mlangizi, chimanga sichipulumuka.