Geji ya mafuta si mboni yodalirika

Palibe chida m'galimoto chomwe chimayang'anidwa kawirikawiri ngati kamuvi kosonyeza kuchuluka kwa mafuta. Dalaivala amakaponyera diso akangoliza injini, mayi amene wakhala pambali pake amakasuzumira mwakachetechete, ndipo ngakhale ana kumbuyo amadziwa kuti kakagona pa E ndiye kuti ulendo wa kwa agogo uli pachiswe.

Koma kunena zoona, kamuvi kameneka kamapatsidwa ulemu woposa msinkhu wake. Sikawerenga malita. Kamangoyerekeza, ndipo galimoto ikamakalamba kuyerekezako kumankira kutali ndi choonadi. Munthu amene amakonza ulendo, kapena kukalipira womwetsa mafuta, potengera geji yokha akudalira mboni yomwe bwalo lililonse likhoza kuikana.

Amene adaphunzira zimenezi mowawa ndi anthu osunga galimoto zakale zaliwiro, zija za mipando iwiri, ku Ulaya ndi ku America. Galimoto zoterezi n'zosowa m'misewu ya kuno, koma zomwe eni ake adatulukira zikukhudza aliyense woyendetsa galimoto yomwe idadutsa kale m'manja mwa anthu angapo.

Chitsanzo chabwino ndi MGB, galimoto yomwe inkapangidwa m'tauni ya Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980. Zidapangidwa zoposa theka la miliyoni ndipo zambiri zidagulitsidwa ku America. MGB zoyambirira zidali ndi thanki ya magaloni 10, koma mu 1965 kampaniyo idaika thanki yokulirapo, yopitirira magaloni 12. Kunja galimotozo zimaoneka zofanana, choncho wogula lero sangadziwe thanki yomwe ili pansipo pongoyang'ana penti, makamaka ngati wina adaisinthapo kale dzimbiri litaidya.

Chisokonezo chachikulu chili pa galoniyo. Galoni ya ku Britain ndi malita pafupifupi 4.5 pomwe ya ku America ndi malita pafupifupi 3.8. Ndiye kuti thanki yomweyo ya magaloni 10 ku Britain imalembedwa kuti magaloni 12 m'buku la ku America. Mwini galimoto akawerenga 12 n'kuchulukitsa ndi 4.5 amapeza malita 54, chonsecho thanki yake imalowa malita 45 okha. Malita 9 amenewo ali papepala basi. Pa galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imodzi, amenewo ndi makilomita 90, mtunda wofanana ndi wochoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza, womwe dalaivala amaganiza kuti ali nawo m'thumba pomwe alibe.

Ngakhale kukula kwa thanki kudziwike bwino, geji ili ndi mavuto akeake. M'kati mwa thanki muli kachinthu koyandama kolumikizidwa ku kamkono kachitsulo, monga kampira kaja ka m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Mafuta akamatsika, kachinthuko kamatsika nawo ndipo kamkono kamakhula pa timawaya tomwe timasintha mphamvu ya magetsi opita ku geji. Zomwe dalaivala amaona, tsono, ndi pomwe pali kachinthu koyandamako, osati kuchuluka kwa mafuta.

N'chifukwa chake galimoto zambiri zimakhalitsa pa F zikangomwetsedwa. Thanki ikadzaza, kachinthu kaja kamakanikizidwa pamwamba ndipo sikayamba kutsika mpaka malita angapo atapsa. Dalaivala amayamba kuitamandira galimoto yake kuti siimwa mafuta. Kenako kamuvi kakadutsa pakati kamathamanga ngati kakuthawa ngongole, chifukwa mathanki ambiri sali ngati ndowa yofanana pamwamba ndi pansi. Pa galimoto zaliwiro vutoli limakula chifukwa malo ndi ochepa. Thanki imakhala yophwatalala kapena yopindikapindika kuti ikwane pomwe pali mpata, ndipo m'thanki yophwatalala kutsika pang'ono kwa mafuta kumatanthauza malita ambiri. Pachitunda kapena pokhota mafuta amathawira mbali imodzi, kamuvi n'kumanena zina.

Nissan 350Z, yomwe idatuluka mu 2002, ili ndi thanki yazigawo ziwiri yokhala ngati chishalo pamwamba pa chitsulo chotembenuza matayala akumbuyo. Mbali iliyonse ili ndi koyandama kake. Kamodzi kakadetsedwa, geji imasokonekera, ndipo eni ake ambiri adaimapo panjira kamuvi kakusonyeza kuti mafuta alipo.

Galimoto zambiri za ku Britain za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga Triumph Spitfire, zili ndi nthenda inanso. Geji zake zidapangidwa kuti zizigwira ntchito ndi mavoti 10, pomwe injini ikamalira magetsi a galimoto amafika mavoti 14. Kuseri kwa mageji kuli kabokosi kakang'ono kochepetsa magetsiwo. Kabokosiko kakafa, kapena waya wake wopita ku chitsulo cha galimoto akachita dzimbiri, geji ikhoza kuyamba kusonyeza mafuta ochuluka kuposa omwe alipo. Limeneli ndiye bodza loipitsitsa, chifukwa geji yonama motsitsa imangopangitsa munthu kumwetsa msanga, koma yonama mokweza imamusiya m'thengo usiku.

N'zochititsa chidwi kuti galimoto zina zakale kwambiri zidali zachilungamo kuposa apa. Volkswagen Beetle idakhala zaka zambiri yopanda geji, mpaka mu 1961. Idali ndi kampopi pafupi ndi phazi la dalaivala. Injini ikayamba kutsokomola, iye ankatembenuza kampopiko n'kutsegula malita pafupifupi 5 osungidwa pansi pa thanki. Porsche 356 nayo idali ndi kampopi kotere. Njirayi amaidziwa bwino anyamata a kabaza wa njinga zamoto, ndipo ubwino wake n'ngwakuti siilonjeza zomwe siingathe. Vuto lidali kuiwala kubweza kampopiko pomwetsa, chifukwa tsiku lotsatira injini ikatsokomola kunalibenso kothawira.

Nanga zonsezi zikukhudza bwanji banja la pa Mponela kapena pa Luchenza lomwe lili ndi kagalimoto kotengera ana kusukulu ndi matumba kuchigayo? Galimoto zambiri za kuno zidabwera zitagwira kale ntchito kunja, makamaka ku Japan, ndipo zina zapitirira zaka 20. Koyandama ndi timawaya ta m'thanki mwake n'zomwe zija za mu MGB, ndipo zimatha chimodzimodzi. Timawayato timaperepeseka kwambiri pamalo pomwe kamkono kamakhalitsa. Galimoto yomwe moyo wake wonse imayendera malita atatu kapena asanu, kamkono kake kamakhula malo amodzimodzi, cha kumunsi, komwe dalaivala amafunitsitsa kumva zoona.

Palibe amene angadzudzule munthu pogula mafuta pang'onopang'ono, poti thumba ndilo limalamula, ndipo amene adagona pamizere mu 2011 ndi 2012, kapena mu 2022, akudziwa kuti nthawi zina ngakhale ndalama ilipo mafutawo sapezeka. Koma thanki yachitsulo yokhalitsa yopanda kanthu imachita thukuta m'kati ndipo thukutalo limabala dzimbiri. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, komanso amadya labala ndi zomatira zina zakale zomwe zidapangidwa petulo wotere asadafale. Koyandama kakabooka n'kumwa mafuta kamamira, geji n'kumangoloza pa E ngakhale thanki ili yodzaza.

Amene amavutika ndi bodza la geji kawirikawiri ndi anyamata ndi atsikana ogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta. Bambo amathira malita asanu, amayang'ana kamuvi, kamuvi sikadasunthe, basi mnyamata watchedwa wakuba pamaso pa anthu. Chonsecho geji zambiri zidapangidwa dala kuti zizisuntha pang'onopang'ono kuti kamuvi kasamavine pamabampu, ndipo malita ochepa othiridwa m'thanki yomwe idatsika kupyola pomwe koyandama kamathera sangaoneke n'komwe. Ena amakwiya pampu ikasonyeza malita 47 pa thanki yolembedwa 45, osadziwa kuti khosi la thanki ndi mpata wa mpweya womwe opanga amasiya pamwamba zimalowanso mafuta munthu akakakamiza kudzaza mpaka pakamwa.

Izi sizikutanthauza kuti kuba kulibe. Pampu ikhoza kulakwitsa ndipo womwetsa wosakhulupirika akhoza kuyamba kuthira manambala asadabwerere pa ziro. Koma mlandu wotere umafuna umboni weniweni: kuona manambala a pampu asadayambe kuthira, kulandira lisiti, ndi kukadandaula ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe limayesa mapampu ndi masikelo. Thanki ya malita 45 ikalowa 55, pamenepo funso lilipo ndithu. Kamuvi kokha sikokwanira kuchotsetsa mwana wa mwini ntchito.

Eni galimoto zakale zaliwiro adasiya kalekale kukangana ndi geji. Amawerenga mtunda. Amadzaza thanki mpaka pampu itadzidula yokha koyamba, amabweza kowerengera makilomita pa ziro, amayenda, kenako amadzazanso pa pampu yomweyo. Malita olowa kachiwiriwo ndiwo adapsa pa mtunda umenewo. Akachita zimenezi katatu n'kulemba m'kabuku, amadziwa makilomita omwe galimoto yawo imayenda pa lita imodzi, ndiponso malita enieni omwe amakhala atatsala kamuvi kakafika pakati kapena pa kota. Kudzaza thanki n'kodula, inde, koma mafutawo satayika, ndipo kuyesaku kukhoza kudikira mwezi wokolola kapena wolandira. Chofunika kusamala n'chakuti galimoto zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Matayala osiyana kukula ndi omwe galimoto idabwera nawo amasokonezanso chiwerengerocho.

Pali chifukwa china chosayendera dontho lomaliza. MGB idali ndi pampu ya mafuta kunja kwa thanki, koma galimoto zapambuyo pake, monga Mazda MX-5 ya mu 1989 yomwe thanki yake ndi ya malita 45, komanso pafupifupi galimoto zonse za petulo zobwera kuchokera ku Japan masiku ano, zili ndi pampu m'kati mwa thanki. Pampuyo imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo. Ikamakoka mpweya ndi zinyalala zapansi imatentha n'kufa msanga, ndipo mtengo wa pampu ina, kuphatikizapo wa makaniko ndi wokokera galimoto kuchoka pomwe yafera, umaposa kutali wa malita asanu omwe akadaisiya yomira.