Chikwangwani cha pa Intaneti: Kiyi Wake Asunga Ndani?

Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikafika ku Angónia ndi ku Tsangano, ogula ochokera ku Tete ndi ku Beira amafunsa zinthu zitatu: katundu ali kuti, ndi wochuluka bwanji, ndipo alankhule ndi yani. Kale mayankho ake ankayenda ndi madalaivala a malole. Lero gulu la alimi, sukulu ngakhalenso mpingo ukhoza kulemba uthenga wake pa tsamba la pa intaneti, munthu nkuuwerenga pa foni ali kutali.

Masamba otere alipo a mitundu iwiri. Ena ali ngati sitolo yokhala ndi wogulitsa mkati, woyankha aliyense malinga ndi zomwe wafunsa. Facebook ndi yotero. Ena ali ngati chikwangwani cha pamsika: zomwe mwini wake adalemba ndi zomwe aliyense amaziona, mpaka tsiku lomwe adzafufute nkulemba zina. Pa Chingerezi mtundu wachiwiriwu amautcha static site. Tsamba loyamba pa dziko lonse, lomwe Tim Berners-Lee adaliika poyera mu 1991 ku CERN, pafupi ndi Geneva, linali la mtundu womwewu.

Kukonza kwake sikufuna makina odula. Wodziwa kompyuta amalemba uthenga m'kalembedwe kotchedwa HTML, ndipo fayilo yoyambirira amaitcha index.html. Akaiika m'foda imodzi pamodzi ndi zithunzi, amatumiza zonse ku kampani yosunga masamba. GitHub Pages, yomwe idayamba mu 2008, Netlify ndi Cloudflare Pages zimasunga masamba ang'onoang'ono kwaulere, nkuperekanso adiresi yaulere. Wofuna adiresi ya dzina lakelake, monga yothera ndi .mz, amalipira chaka ndi chaka. Koma gulu liyambe lawerenga malamulo, pakuti GitHub Pages silola tsamba lomwe ntchito yake yaikulu ndi kugulitsirapo malonda.

Tsamba lotere limayenera madera a m'malire kaamba ka kupepuka kwake. Ku Calómuè ndi ku Zóbuè anthu amadziwa momwe netiweki imavutira, ndi momwe mamega amathera msanga. Tsamba la mawu ndi zithunzi zochepa limatseguka ngakhale netiweki ili yofooka. Cholemetsa kawirikawiri ndi zithunzi, chifukwa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni chimatha kudya mamega angapo. Nkofunika kuchichepetsa chisanatumizidwe. Wogula akadikira nthawi yaitali amatseka tsambalo nkuimbira wina.

Tsono mavuto salephera. Lodziwika kwambiri ndi la nambala 404, yomwe imatanthauza kuti makina afufuza fayilo koma sanaipeze. Nthawi zambiri index.html imakhala itaikidwa m'foda yolakwika, kapena dzina lake lalembedwa mosiyana. Makina ambiri osunga masamba amasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kotero Mbatata.jpg ndi mbatata.jpg kwa iwo ndi zinthu ziwiri. Ichi ndi chifukwa chake chithunzi chimaoneka bwinobwino pa kompyuta ya wokonza koma nkusowa pa foni za anthu.

Vuto lina ndi la adiresi yongogulidwa kumene. Ikalumikizidwa ndi tsamba, pamatha kupita maola 24 isanagwire ntchito paliponse. Apa mankhwala ake ndi kudekha, osati kusinthasintha zomwe zakonzedwa kale. Palinso nthawi yomwe mtengo wasinthidwa koma foni ikuonetsabe wakale. Foni imasunga zomwe idaona poyamba, ndipo ikauzidwa kutsegula tsambalo mwatsopano, zatsopanozo zimaoneka.

Koma vuto lalikulu si la makina ayi. Tsamba lililonse lili ndi kiyi wake, ndiye imelo ndi mawu achinsinsi omwe adatsegulira akaunti. Kawirikawiri wokonza amakhala mnyamata wa m'mudzi yemwe waphunzira sukulu, ndipo amatsegula zonse m'dzina lake. Mawa akapita kukafuna ntchito ku Moatize kapena ku Johannesburg, kiyi amapita naye. Chikwangwani chimatsala chikulengeza mtengo wa chaka chatha ndi nambala ya foni yomwe idatayika kalekale. Wogula akaimba osayankhidwa amayesa kuti gululo lidatha. Choopsa china nchakuti adiresi yolipira ikapanda kulipiridwa pa nthawi yake, munthu wina aliyense akhoza kudzaigula, dzina la gulu nkukhala m'manja mwa mlendo.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Akaunti itsegulidwe ndi imelo ya gulu, osati ya munthu mmodzi. Mawu achinsinsi asungidwe ndi wapampando pamodzi ndi mlembi, monga momwe amasungira buku la ndalama. Tsiku lolipirira adiresi lilembedwe m'buku la misonkhano. Mafayilo onse akhalenso pa fulashi yosungidwa ku ofesi, pakuti ubwino wa tsamba lotere ndi wakuti ndi mafayilo chabe: kampani ina ikasintha malamulo, gulu limangowanyamula nkukawaika kwina.

Ndipo mnyamata wokonza tsambalo asachoke pamudzi asanaphunzitse anzake awiri kusintha mtengo ndi nambala ya foni.