Mayi wa ku Mwanza asatuluke m'chipatala asanadziwe kusamala kapaipi ka pachifuwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, pawailesi ndi m'zipatala mumamveka uthenga woti amayi azipimitsa mawere awo msanga, ndipo ndi uthenga woyenera. Koma walira mvula walira matope. Ngati tikuitanira amayi kuchipatala, tikonzekerenso masiku otsatira opaleshoni, pamene mayi amatsitsimuka n'kupeza kapaipi kapulasitiki katatulukira m'mbali mwa chifuwa, kumapeto kwake kukulendewera kabotolo. Ganizo langa ndi lakuti kusamala kapaipika ndi gawo lenileni la chithandizo cha khansa ya m'mawere. Choncho mayi wa ku Mwanza asatulutsidwe m'chipatala iyeyo ndi womudikirira asanaphunzitsidwe kasamalidwe kake, ndipo chisamaliro chotsatira azichipeza kwawo konkuno.

Dokotala akachotsa bere, kawirikawiri amachotsanso timinofu ta m'khwapa, tija timatupa munthu akachita mwanabere. Pansi pa khungu pamatsala mpata momwe mumadikha magazi ndi madzi a m'thupi. Madziwa akachuluka pamalopo pamatupa, pamapweteka, bala limachedwa kupola, ndipo tizilombo timapezerapo mwayi. Ntchito ya kapaipi ndi kuwatulutsira kunja. Masiku oyambirira amatuluka ofiira, kenako kufiirako kumazilala mpaka amasanduka achikasu. Madokotala ambiri amachotsa kapaipi madziwo akachepa kufika pa mamililita pafupifupi 30 pa maola 24, omwe ndi masupuni aakulu awiri. Zimenezi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri, kwa ena zitatu. Tsiku lochotsa kapaipi limadziwika ndi kuchuluka kwa madzi, ndiye pamafunika munthu wowayeza tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene Mwanza akusiyana ndi Ndirande kapena Chilomoni. Odwala ofunika madokotala a ukatswiri amatumizidwa kuchoka pa chipatala cha boma cha Mwanza kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kudzera pa Zalewa. Mayi wa ku Thambani kapena ku Kunenekude ulendo wake suthera pa boma: akatsika minibasi amakwera njinga yamoto ya kabaza m'msewu wafumbi, bala likugwedezeka. Enanso ndi abale athu a tsidya la malire cha ku Zobue, amene amadalira zipatala zathu. Mayi wotere sangabwerere ku Blantyre nthawi iliyonse kapaipi kakapindika. Nzeru yosamalira kapaipiko iyenera kupita naye kumudzi.

Chosangalatsa n'chakuti zambiri zomuthandiza kukhala mwamtendere sizilira ndalama zochuluka. Chimene chimapweteka kwambiri ndi kukokeka kwa kapaipi pamene kasokedwera pakhungu, ndiye kabotolo kasamangolendewera. Telala aliyense wa pamsika wa Mwanza angathe kusoka kathumba ka chidutswa cha chitenje komangirira m'chiuno, kuti kabotolo kazikhala m'munsi mwa bala ndipo manja akhale omasuka. Bulauzi yotakasuka yamabatani akutsogolo imamupeputsa, chifukwa savutika kukweza mkono povala. Pogona, agone chagada, pilo kapena chitenje chopinda chili pansi pa mkono wa mbali ya bala. Wokhuthula kabotolo asambe m'manja ndi sopo asanayambe komanso akatha, ndipo bala likhale louma. Mkono auyendetse pang'onopang'ono monga anamulangizira kuchipatala kuti phewa lisaume, koma kusinja, kulima, kusenza chidebe cha madzi ndi kubereka mwana ziyambe zadikira. Apa bambo a pakhomo ndi apongozi amvetse kuti mayiyu sakuchita ulesi. Ndipo onse adziwe zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala: kutentha thupi, bala kufiira kapena kutupa, mafinya, fungo loipa, magazi ofiira kudzaza kabotolo mwadzidzidzi. Kapaipi kakasololoka, asayese kukabwezeramo. Aphimbe pamalopo ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala.

Ena anena kuti njira yachidule ndi kumugoneka mayiyo m'chipatala mpaka kapaipi kachotsedwe. Kwa wodwala wofooka, kapena amene alibe womusamala, zimenezo n'zoyeneradi. Koma bedi limene wagonapo munthu wongodikira kuti madzi achepe likufunidwanso ndi mayi wina amene chotupa chake chikukula. Womudikirira nayenso wasiya ana ndi munda, ndipo ndalama ya chakudya m'tauni imatha msanga. Njira yapakati ilipo: mayi achoke ku Blantyre ndi kalata yomveka bwino, yofotokoza tsiku la opaleshoni ndi muyezo wochotsera kapaipi, kuti anamwino ndi madokotala a pa Mwanza apitirize pamenepo, kwinaku mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake akumuyendera.

Enanso akayikira ngati mayi wosadziwa kulemba angathe kuyeza madzi. Kumeneko ndi kuwaderera amayi athu. Mayi amene amayeza madzi a Thanzi ORS mwana akatsegula m'mimba, amene amakumbukira tsiku la sikelo osaphonya, sangalephere kuona pamene madzi afika pa mizere ya kabotolo. Mwana wa sukulu wa pakhomo angalembe nambalayo m'buku la kuchipatala m'mawa uliwonse. Chofunika ndi namwino woonetsa ndi manja, m'Chichewa, kenako n'kumuuza womudikirira kuti achite yekha iye akuona. Kungonena mawu pakhomo la wodi, katundu ali kale pamutu, si kuphunzitsa.

Pali amene aone ngati iyi ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi vuto la amayi ambiri m'Malawi kufika kuchipatala khansa itakula kale. Koma ziwirizi n'zolumikizana. Mu 2021 bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko yochepetsa imfa za khansa ya m'mawere, ndipo mwa mizati yake itatu, umodzi ndi wakuti odwala azimaliza chithandizo chonse. Bala likachita mafinya, mankhwala a khansa otsatira opaleshoni amachedwa kuyambika. Komanso mudzi umaona. Mayi akabwera akubuula, bala likununkha, anzake amabisa zotupa zawo n'kulowera kwa asing'anga. Akabwera akudziwa chochita, n'kupola bwino, amakhala umboni woposa uthenga uliwonse wa pawailesi.

Choncho akuluakulu a zaumoyo m'boma la Mwanza agwirizane ndi anzawo a ku Blantyre pa kalata yotulutsira odwalawa, aphunzitse anamwino a m'zipatala zazing'ono ndi alangizi a zaumoyo za kapaipika, ndipo mipingo ndi magulu a amayi asoke timatumba n'kusinthana ntchito za pakhomo pa wodwalayo. Mayi amene walimba mtima kupereka bere lake kuti apulumutse moyo sayenera kutsala yekha m'masabata amene bala lake likupola.