Fumbi la ku Joni likadali m'zifuwa za akuluakulu athu

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi, inagwa itangonyamuka pa bwalo la Francistown ku Botswana, ndipo Amalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi kuchokera ku migodi ya ku South Africa anafera pomwepo. Dziko lonse linalira. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo amuna athu oposa 100,000 omwe anali kumeneko anayamba kubwerera. Maliro a tsiku limenelo anawerengedwa, analembedwa, ndipo mpaka lero amakumbukiridwa. Koma migodi yomweyo inatipatsa maliro ena ochuluka kuposa pamenepo, omwe palibe anawawerenga, chifukwa anthuwo ankapita mmodzimmodzi, pa mphasa, m'midzi yotalikirana, patadutsa zaka 10 kapena 20 munthu atavula chisoti cha mumgodi.

Golide wa ku Witwatersrand amakhala mkati mwa mwala wolimba kwambiri. Kuti atuluke, mwalawo amauboola ndi makina, kuuphulitsa, kenaka kuuwola, ndipo zonsezi zimachitika pansi penipeni pomwe mpweya ndi wochita kupopera. Fumbi lomwe limabuka pamenepo lili ndi silika, ndipo tizidutswa take toopsa kwambiri ndi tija tosaoneka ndi maso. Tikalowa m'mapapo sitituluka. Thupi limayesa kulimbana nato, koma limangosiya zipsera, zipserazo n'kumachuluka, mapapo n'kumauma mpaka kulephera kufufuma. Madokotala amatcha matendawa silicosis. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amapitiriza kudya munthu ngakhale atasiya ntchito kalekale. Chinanso, mapapo otere amagwidwa chifuwa chachikulu mosavuta, pafupifupi katatu kuposa mapapo a munthu amene sanapumepo fumbilo.

Aliyense amene anakulira m'mudzi wa anthu a ku Theba, opita ku migodi aja, akuwadziwa bambo amene ndikunena. Anabwera ndi thiranki, bulangeti, wailesi ya gumbagumba, njinga, ndipo anafolera nyumba ndi malata mudzi wonse ukadali wa udzu. Patapita zaka, bambo yemwe uja ankati akalima mzere umodzi, n'kutsamira khasu, phuma lili mtima m'mwamba. Popita ku tchalitchi ankapumula pa mtengo uliwonse. Usiku ankagona chokhala, msana kukhoma, chifukwa akagona chagada mpweya umamuthawa. Munda, nkhuni, ulendo wa kuchipatala ndi ngongole zonse zinatsalira mayi.

Chomwe chimandiwawa ndi zomwe tinkanena ife. Ena ankati ndi fodya ndi kachasu. Ena ankati amulodza chifukwa cha malata aja. Ena ankanong'ona za mdulo ndi kanyera, ndipo apa chala chinkaloza mayi yemwe uja amene ankamusambitsa ndi kumuphikira phala. Mabanja anadana, anthu osalakwa anatchedwa mfiti, pomwe gwero la matendawo linali kutali ku Joni, m'mabuku a kampani yomwe inali itafufuta kale dzina lake.

Eni migodi sanali mbuli pa zimenezi. Matenda a fumbi ankadziwika kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo malamulo a chipukuta misozi analipo. Koma pa nthawi ya tsankho mzungu wodwala ankapimidwa bwino ndi kulandira ndalama zambiri, pomwe munthu wakuda ankalandira zochepa, ndipo nthawi zambiri ankangobwezedwa kwawo kontrakiti ikatha. Ngakhale boma la kumeneko linaona kuti anthu ochokera kumpoto kuno akufa kwambiri ndi chibayo, moti mu 1913 linaletsa kuwalemba, koma m'zaka za m'ma 1930 chiletsocho chinachotsedwa chifukwa migodi inkafuna manja. Phindu linkatsala ku Johannesburg ndi ku London, odwala ankatumizidwa ku Dedza, ku Mzimba, ku Ntcheu.

Ndipo tisamanene ngati amuna aja ankapita chifukwa chokonda ulendo. Kunali msonkho wofuna ndalama, kunali chiwongo ndi malowolo, kunali ana ofuna fizi, koma kumudzi kunalibe ntchito yolipira. Akafika ankagona m'makomboni a amuna okhaokha, ambirimbiri m'chipinda chimodzi, momwe mmodzi akatsokomola onse apuma. Akabwera kutchuthi ankabweretsa chifuwa chija kwa akazi ndi ana. Umphawi unasankha amene apite, ntchito inasankha chomwe apume, ndipo komboni inafalitsa.

Mwina wina anganene kuti izi ndi za m'migodi basi. Ayi. Ku Britain, kafukufuku wa Whitehall, yemwe anayamba mu 1967 pa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma, anapeza kuti a maudindo otsikitsitsa, monga mamesenjala ndi alonda a pakhomo, ankamwalira pa mlingo woposa mabwana apamwamba pafupifupi katatu. Onsewo anali pa ntchito, onsewo anali ndi chipatala chaulere, panalibe wa mumgodi. Fodya ndi kuthamanga kwa magazi zinalongosola mbali yochepa chabe ya kusiyanako. Michael Marmot ndi anzake atapitiriza kafukufukuyo anaona kuti kusowa mawu pa ntchito yako, kumangolamulidwa osafunsidwa, nako kumadwalitsa mtima. N'chifukwa chake sindikhutira tikamauza anthu kuti adye bwino, achite masewero olimbitsa thupi, apite msanga kuchipatala, koma osafunsa komwe amakhala tsiku lonse ndi chomwe amapuma kumeneko.

Chilungamo chinabwera, koma mochedwa. Thembekile Mankayi, yemwe ankagwira ntchito mumgodi wa AngloGold Ashanti, anamenya nkhondo mpaka ku bwalo lalikulu la malamulo oyendetsera dziko la South Africa, ndipo mu 2011 bwalolo linagamula kuti ogwira ntchito m'migodi ali ndi ufulu wosumira makampani chifukwa cha matenda a m'mapapo. Iye mwini anamwalira patatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe. Mu 2018 makampani 6 a golide, kuphatikizapo Anglo American, Gold Fields ndi Harmony, anavomera kulipira ndalama zokwana R5 biliyoni, ndipo bwalo linavomereza mgwirizanowo mu 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lipereke ndalamazo kwa odwala silicosis kapena chifuwa chachikulu omwe anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, komanso kwa amasiye awo. Zaka zimenezi zikukhudza Amalawi ochuluka, poti ulendo wa ku Theba unayambiranso mu 1977 ndipo unadzatha mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV.

Vuto ndi lakuti ndalamazi zimafuna umboni. Wamoyo ayenera kupimidwa mapapo. Wamasiye ayenera kuonetsa kuti mwamuna wake anagwiradi kumeneko ndiponso chomwe chinamupha. Nanga amene anamwalira kumudzi mu 1995, n'kuikidwa mawa lake popanda kalata ya dokotala, pasi yake itadyedwa ndi chiswe? Umphawi womwe unamutumiza kumgodi ndi womwenso ukumana mkazi wake chipukuta misozi.

Tisayang'ane ku South Africa kokha. M'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre muli amayi oswa miyala ndi nyundo tsiku lonse, mwana kumsana, nsidze zitayera ndi fumbi, pakamwa pali pululu. Ku Makanjira ndi madera ena achinyamata akukumba ndi kusinja miyala kufuna golide. Tili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997, ndi lina la chipukuta misozi la 2000, koma waganyu wopanda kalata ya ntchito malamulowa samupeza. Kuthira madzi pa mwala pouswa kumachepetsa fumbi kwambiri, ndipo si nzeru yodula. Dokotala kufunsa wodwala chifuwa kuti, "Bambo, mwagwirapo ntchito zanji?" sikufuna bajeti, koma kungasiyanitse munthu wofunika mankhwala a TB okha ndi amene mapapo ake ali ndi zipsera za fumbi.

Unduna wa za ntchito ndi wa za umoyo apite okha m'midzi kukafuna akuluakulu aja akadali moyo, asadikire kuti munthu wopuma movutika akwere minibasi kudzawafuna ku Lilongwe. Ndipo inu amene muli ndi agogo kapena amalume omwe anapita ku Theba, tsegulani thiranki ija sabata ino. Sungani pasi, nambala ya ntchito ndi kapepala kalikonse ka kumgodi, lembani dzina la mgodi ndi zaka zomwe anagwira iwo akadatha kukuuzani, ndipo apititseni akajambulidwe mapapo. Kulembetsa ku Tshiamiso ndi kwaulere. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse kaye ndalama kuti akuthandizeni kulandira, mukaneni.